Mmene Paison Zuze Analandidwira Msonkho

Anthu ambiri a kuchigwa kuno akamva mawu oti msonkho amalavula malovu. Paison Zuze yekha ankamwetulira. Ankaukonda msonkho monga ena amakondera timu ya mpira, ndipo dzina loti a Msonkho, limene anzake anamupatsa pomuseka, iye analilandira ndi manja awiri n'kumavomera nalo ngakhale pakhomo pa tchalitchi.

Paison anali wothirira pa esiteti ya nzimbe kumunsi kwa boma la Chikwawa, kumene nthawi yokolola phulusa la nzimbe limagwera m'ndiwo osaitanidwa. Tsiku lonse ankakhala m'ngalande, jombo za mphira kumapazi, akusuntha mapaipi kuti madzi a Shire alowe m'mizere, dzuwa likumudya pamutu, matope akumukoka kumiyendo. Si ntchito yoti munthu n'kuitchula mokweza pa chinkhoswe. Anayamba ngati wa sizoni, wodula nzimbe, wobwera kunyumba ali bii ndi mwaye. Patapita zaka anamulemba kukhala wokhazikika, ndipo mwezi wina malipiro ake, ataikapo za ovataimu, anapyola mzere umene boma limayambira kudula msonkho. Anaupyola ndi chala chokha. Anzake amene anadulidwa tsiku lomwelo anatukwana boma kuchokera ku ofesi mpaka kuchipata, koma Paison anafika kunyumba akuimba mluzu n'kuuza mkazi wake Esinala kuti aphe bakha.

"Akukwezani pa ntchito?" anafunsa Esinala.

"Andidula," anatero Paison, mano onse ali pamtunda.

Esinala anamuyang'ana nthawi yaitali, kenaka anamugwira pamphumi kuti amve ngati malungo abwereranso. Bakha anafa ndithu.

Misala iliyonse ili ndi kwawo, ndipo ya Paison kwawo kunali ku Ndamera, kumene anabadwira. Bambo ake anali mlimi wa thonje m'masiku amene mwamuna aliyense ankayenera kukhoma msonkho chaka ndi chaka, kaya wakolola kaya sanakolole. Mkuluyo ankaudziwa msonkho ndi miyendo. Akamva kuti amesenjala alowa m'mudzi ankathawira m'mabango, nthawi zina mpaka kutsidya ku Mozambiki, n'kubwerako atalumidwa ndi udzudzu thupi lonse. Chaka china anamugwira pa msika wa thonje. Anamumanga chingwe padzanja n'kumuyendetsa pakati pa mudzi, anthu akutuluka m'nyumba kudzaonerera, ena akuseka chifukwa tsiku limenelo sanali iwo. Paison anali pomwepo. Chingwe chija sanachiiwale, ndipo analumbira mumtima kuti iye boma silidzamuthamangitsa, adzalipatsa yekha lisanapemphe. Choncho bambo anathawa msonkho moyo wake wonse, mwana n'kuuthamangira.

Nyumba ya malamulo ya Paison inali pansi pa mtengo wa nimu, pamene Sebastiano ankakonzera njinga. Sebastiano anali mwana wa anthu amene anathawa nkhondo ya ku Mozambiki n'kukhazikika kuno. Masana ankamata machubu, ndipo masiku ena ankasowa n'kubwera ndi katundu amene sanadutsepo pa chipata chilichonse. Pamtengo pakepo panali bawo, ndipo pa bawopo amuna ankakonza dziko madzulo aliwonse: chifukwa chake shuga wopangidwa pamphuno pawo amadula kuposa ku Blantyre, amene anagwetsa kwacha, chipani chimene chimaba pang'ono poyerekeza ndi chinzake. Aliyense ankadziwa mankhwala a chuma cha dziko, kungoti palibe anali ndi ya sopo. Mkangano ukafika pothina, Paison ankasiya nkhomo za bawo, n'kupukuta manja pang'onopang'ono, n'kufunsa funso lake limodzi lomwelo.

"Pepani, ndifunseko. Inuyo boma munalipatsako chiyani mwezi uno?"

Wogulitsa makala ankayang'ana pansi, wa kabaza ankakumbuka kuti wina akumudikira. Kenaka Paison ankapereka chigamulo, ndipo nkhani inkathera pomwepo.

Sebastiano yekha ndiye ankalimba. "Shamwali, tonsefe timakhoma. Boma lili mu sopo, lili mu mafuta, lili mu mayunitsi a foni. Ukagula machesi lakudya kale."

"Umenewo ndi msonkho wa aliyense, ngakhale wakuba amakhoma," ankatero Paison. "Wanga amandidula ndi dzina. Ku Lilongwe akudziwa kuti kuno kuli Zuze."

Ndipo poti ku Lilongwe ankamudziwa, Paison ankayendera katundu wake. Akapeza dzenje pamsewu ankaima n'kupukusa mutu ngati mlimi amene ng'ombe zalowa m'munda mwake. Tsiku lina anaimitsa galimoto ya boma itanyamula matumba a makala, n'kumufunsa dalaivala kuti mafuta amenewo wagula ndani. Galimoto ya phungu ikadutsa, fumbi lili koboo, ankauza oyandikana naye kuti tayala lakumbuyo ilo ndi lake. Anthu ankaseka, koma pamaliro ankamupatsa mpando, ndipo mudzi ukafuna munthu wokalankhula ku boma unkatuma iye. Ulemu umenewu unali chuma chake chonse, pakuti china analibe.

Esinala anali wa ku Makhanga, wokulira m'bwato, wosaopa madzi kapena mwamuna. Ankagulitsa milamba yowamba pa msika, ndipo m'mawa uliwonse, asanagulitse ngakhale mutu wa nsomba, wa khonsolo ankabwera kudzamudulira tikiti. Kugule kusagule, tikiti inali yomweyo. Tsiku lina anayesa kunena kuti nayenso amakhoma, koma mwamuna wake anaseka mpaka kutsokomola.

"Imeneyo ndi ndalama ya tsache, mayi a Priska. Mumalipira wosesa."

"Nanga msika wake amasesa liti?"

"Nkhani za chuma n'zovuta, zisiyeni," anatero Paison.

Esinala anazisiya, koma sanazitaye. Akazi a ku Makhanga amadziwa kusunga mawu monga amasungira mbewu pa denga madzi akamabwera.

Madziwo anabwera ndithu. Chaka cha chigumula mtsinje unalowa m'mudzi, unagwetsa khoma limodzi la nyumba yawo n'kukokolola munda wonse wa mapira. A komiti ya m'mudzi anayenda khomo ndi khomo kulemba mayina a olandira chimanga. Atafika kwa Zuze anapeza mwini nyumba ataima pomwe panali khoma, manja ali m'chiuno.

"Ine sindilandira, ndimapereka," anatero. "Chimanga chimenecho ndagula ndine. Kapatseni osauka."

A komiti anathokoza n'kupita, poti mayina anali ochuluka kale kuposa matumba. Malipiro a mwezi umenewo anathera ku njerwa, ndipo banja la wokhoma msonkho linadya nyika, timizu ta m'dambo timene anthu amazula njala ikafika posauzana. Esinala ndiye ankalowa m'madzi a ng'ona kukazula. Anakwiya kwambiri, ndipo anamuuza mwamuna wake pamaso kuti ana sadya ulemu. Paison anamva chisoni ndithu poona mwana wawo Priska akutafuna nyika nkhope ili tsinya, koma kubwerera m'mbuyo sanathe. Pa bawo nkhani ya kukana kwake inamveka, ndipo inamukweza kuposa kale.

Zaka zinapita, kwacha ikugwa, malipiro akukwawa kumbuyo kwake. Paison ankadulidwabe, ndipo ankapirira zonse. Kenaka chinafika chaka cha chisankho, chaka chimene andale amakumbuka kuti kumunsi kwa phiri kuli anthu. Madzulo ena wailesi ya Sebastiano inalengeza kuti boma, pomvera chisoni anthu olandira zochepa, lakweza mzere woyambira kudula msonkho. Pansi pa nimu anthu anawomba m'manja, ngakhale amene sanalembedwepo ntchito chibadwire. Paison anawomba nawo, poti sanaganize kuti olandira zochepawo angakhale iye. Chakudza sichiimba ng'oma.

Mwezi utatha, othirira anzake anatuluka ku ofesi akuvina. Geresomo, mnzake wa m'ngalande imodzi, anamukumbatira. "Tapulumuka, a Msonkho! Tonse othirira, palibe wadulidwa!"

Paison anatembenuka pomwepo. Anabwerera ku ofesi, anavula chipewa, n'kuima pa windo la kalaliki wa malipiro, mtsikana wina dzina lake Angela.

"Mayi, pali cholakwika. Mwaiwala kundidula."

"Sitinaiwale, bambo. Malipiro anu tsopano ali pansi pa mzere."

"Ndiye dulani pang'ono chabe. Ndavomera ndine."

Angela anayamba kuseka, koma ataona nkhope ya mkuluyo anasiya. Pa windo limenelo anthu anali atamutukwanapo, kumulirira, ngakhale kumuopseza ndi mankhwala, koma wodandaula kuti sanamudule anali asanamuonepo. Anamufotokozera mwaulemu kuti makina amadula okha, ndipo munthu sangawapemphe. Paison anafunsa za ovataimu yoti imukankhire pamwamba pa mzere. Anamuuza kuti ovataimu anaimitsa, poti magetsi akuzimazima ndipo mapampu akugona masana.

Ndalama imene boma linamusiyira anagulira sopo ndi kabotolo ka mafuta ophikira, n'kutha. Ndiye kuti ulemu wake wonse, umene anadyera nyika, mtengo wake unali umenewo. Izi zinamupweteka kuposa china chilichonse. Pa bawo sananene kanthu, ndipo ankakhulupirira kuti palibe akudziwa, ngati kuti pakamwa pa Geresomo panali chitseko. Sebastiano anamva tsiku lomwelo, koma anangopitiriza kupopa matayala ake. Funso lija Paison anasiya kulifunsa. Mkangano ukathina ankangoyang'ana bawo, n'kumati akuganizira potakata.

Vuto linali lakuti mudzi unali utamusankha kale. A wailesi ya m'deralo anakonza mtsutso wa opikisana pa mpando wa phungu, pa bwalo la sukulu, ndipo mudzi uliwonse unapatsidwa mwayi wa funso limodzi. Funso la mudzi wa Paison linali la dayiki, khoma lotchinga madzi limene analonjezedwa chigumula chitangotha, ndipo mpaka pano panali chikwangwani chokha. Wofunsa akanakhalanso ndani, kupatula a Msonkho?

M'mawa wa tsikulo Esinala anamupeza akusita jekete ndi simbi ya makala, kunja kukutentha moti nkhuku zinali kukamwa yasa.

"Bambo a Priska, mukakaima musakatchule za msonkho. Mukangofunsa ngati munthu amene nyumba yake inagwa."

"Wa nyumba yogwa amapempha," anatero Paison osatukula mutu. "Wokhoma msonkho amafunsa."

"Nanga inu tsopano ndinu uti?"

Paison anatembenuza jekete n'kusita mbali imene anali atasita kale.

Pa bwalo anthu anadzaza mpaka m'mitengo. Opikisana anakhala pa mipando pansi pa tenti, aliyense ndi botolo la madzi, ovota ali padzuwa. Woyamba analonjeza kukweza malipiro a aliyense. Wachiwiri analonjeza kutsitsa mitengo ya zinthu zonse, ndipo atafunsidwa kuti adzatsitsa bwanji anati adzaona akalowa. Phungu amene anali pa mpando, mkulu wonenepa wa mawu okoma, anati chuma cha dziko chakula kwambiri. Anthu anayang'anizana. Mwina chinakuladi, kungoti chinakulira kwina, ngati mwana wa m'mudzi amene anapita ku tauni osabweranso.

Nthawi ya mafunso itakwana anaitana mudzi wa Paison. Anadzuka, thukuta likuyenderera m'jekete, n'kulandira chinkuzamawu. M'njira monse anali atakonza kuti ayambe ndi dzina lake basi. Koma lilime lili ndi njira zake zimene linazolowera.

"Ine ndine Paison Zuze," anatero, mawu ake akumveka mpaka ku msika. "Ndikuyankhula monga wokhoma msonkho."

Phungu uja anadzuka msanga, nkhope ili ngwee. "Zikomo, bambo, zikomo. Musanafunse, mumagwira ntchito yanji?"

"Ndine wothirira ku esiteti."

"Wothirira! Ndiye tauzani anthuwa, bambo anga, osaopa. Mwezi wathawu anakudulani msonkho?"

Paison anatsegula pakamwa. Kunena kuti inde kunali kunama pamaso pa othirira anzake onse, amene anali pompo. Kunena kuti ayi kunali kudzivula yekha pagulu. Anaima kakasi, chinkuzamawu chili m'manja. Amene anamupulumutsa, ngati kumeneko n'kupulumutsa, anali Geresomo, amene anakuwa kuchokera kumbuyo ndi chimwemwe chenicheni, wopanda choipa chilichonse mumtima.

"Nkhabe! Sanatidule! Ngakhale iwowo sanawadule!"

Nthungululu zinaphulika. Phungu anatuluka mu tenti, anabwera padzuwa kwa nthawi yoyamba tsiku limenelo, anamugwira Paison padzanja n'kulikweza m'mwamba.

"Mwaona? Umboni ndi uwu, sindinabwere nawo ine! Bambo wosauka uyu, wovutika m'matope tsiku lonse, kamalipiro kake kosakwana n'thumba la chimanga lomwe, boma lakale linkamudyera! Ife tinati ayi. Munthu ngati uyu alibe choti n'kupereka. Ngofunika kumuthandiza!"

Ndipo anamuyendetsa kuzungulira bwalo, dzanja lili m'mwamba, kuti aliyense amuone bwino wosaukayo. Anthu anaimirira, amayi anavina, ng'oma inalira. Zala za phungu zinali zofewa ndi zonunkhira mafuta, koma zinagwira malo omwe aja pamene chingwe chinagwira bambo ake ku Ndamera. Paison anaona nkhope zikudutsa, zikuseka, ndipo anadziwa kuti wabwerera pa msika wa thonje uja. Bambo ake anawayendetsa pakati pa anthu chifukwa sanakhome msonkho. Iyenso akumuyendetsa pa chifukwa chomwecho, kungoti iye akumuimbira m'manja.

Atamubweza pa malo ake anamukoleka chitenje cha chipani paphewa. Woyendetsa mtsutso anayang'ana wotchi n'kunena kuti nthawi ya mudzi umenewo yatha, apite ku mudzi wotsatira. Za dayiki palibe anamva.

Wailesi inabwereza mawu aja sabata yonse, moti ngakhale achibale a ku Ndamera anaimba foni kufunsa ngati zinthu zafika pamenepo. Paison anasiya kupita pa bawo. Ankachoka ku ntchito n'kudzera njira ya kumanda, n'kukhala pakhonde mpaka kuda. Akuti pansi pa nimu mikangano inayamba kutalika kwambiri, poti panalibenso woithetsa. Chitenje chija Esinala anachiyala pa msika n'kuikapo milamba, nkhope ya phungu ili pansi pa nsomba.

Chisankho chinadutsa. Amene anapambana anapambana, shuga anakweranso. Mvula inachedwa, ndipo miyezi ya njala itafika a komiti ya m'mudzi anayambanso kuyenda khomo ndi khomo. Atafika kwa Zuze anakhala pansi mwaulemu.

"A Zuze, ulendo uno musatikane. Dziko lonse linamva pa wailesi. Tikakusiyani anthu atinena kuti tili ndi tsankho."

Paison anayang'ana khoma limene anamanganso lija. Anayang'ana Priska, amene tsopano anali namwali, akupeta timapira tochepa m'lichero. Anayang'ana mkazi wake. Maso a Esinala anali kunena za nyika. Mawu akale aja, oti ine sindilandira, anakwera mpaka pakhosi n'kubwerera okha. A komiti anadikira pang'ono, kenaka analemba.

Tsiku lolandira, thumba linali lolemera moti Esinala sakanalisenza yekha, choncho Paison anabwera ndi njinga. Njira ya kumanda inali itadzaza madzi a mvula yoyamba, ndipo yotsala inali imodzi yokha, yodutsa pa mtengo wa nimu. Anamanga thumba pa kaliyala n'kuyamba kukankha, mutu uli pansi, Esinala akutsatira pambuyo. Atayandikira, bawo inaima. Amuna onse amene anawatsekapo pakamwa zaka zonsezo anali pompo, ndipo aliyense wa iwo anali ndi ufulu womufunsa funso lake lija. Paison analidikira monga munthu amadikirira mbama. Palibe analifunsa. Wogulitsa makala anayang'ana pansi ngati kale, ndipo chifundo chimenecho chinawawa kuposa chipongwe.

Sebastiano anadzuka, anagwira tayala lakumbuyo, n'kupukusa mutu. "Shamwali, mpweya wachepa. Katundu wolemera chonchi muphulitsa chubu." Anatenga pampu n'kupopa, osafunsa kobiri. Atamaliza ananena motsitsa mawu, "Malo anu pa bawo alipo. Anthuwa akunama kwambiri masiku ano."

"Takhuta," anathokoza Paison m'chiyankhulo cha kwawo.

Anakankhanso njinga. Patsogolo pang'ono panali dzenje lija la pamsewu, limene ankaima kulipukusira mutu ngati mwini wake. Ulendo uno sanaime. Analowamo ndi tayala lakutsogolo, njinga inapendama, thumba linasendera mbali imodzi. Esinala analigwira msanga ndi manja awiri n'kulikankhira pakati. Kenaka anatulutsa mawu amene anasunga pa denga kuyambira tsiku la tsache lija, mosakweza, mongokwanira makutu a mwamuna wake.

"Yendetsani bwino njinga, bambo a Priska. Mungatayitse msonkho wanga."